Mayina amene tinkaponyerana pakhonde

Ntchito ya utelala imamupatsa munthu makutu. Manja ali pa nsalu, phazi likuponda makina, maso ali pa singano, koma makutu alibe chogwira, ndiye amatola chilichonse. Ine ndasoka pakhonde ku Balaka kuyambira ndevu zisanamere mpaka maso atayamba kukana kulowetsa ulusi, ndipo pa zonse zimene ndinamva pamenepo, zimene zikundibwerera kwambiri masiku ano ndi mayina amene anthu ankaponyerana. Sindikunena zotukwana za kumowa, zimenezo zimatha mowa ukachoka m'mutu. Ndikunena mayina a ndale, amene munthu ankamuponyera mnzake pa mkangano wa mbuzi, wa malire a munda kapena wa ngongole, ngati kuti ndi mawu wamba.

Loyamba kulimva ndili mwana linali lakuti kapirikoni. Inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene azungu anatikakamiza mu 1953 anthu akukana. Panali bungwe lotchedwa Capricorn Africa Society, loyambitsidwa ndi mzungu David Stirling, ndipo anthu akuda amene ankalowamo ankaonedwa ngati ogulitsa dziko. M'mudzi mwathu munalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo bungwelo ndi maso, koma akapirikoni sankasowa. Dzinalo linagwera mlangizi wa zaulimi, mwana wa m'mudzi momwemo, amene ankayenda m'minda kuona ngati anthu alima mizere ndi milambala monga boma la atsamunda linkalamulira. Malamulo a malimidwe aja anthu ankadana nawo koopsa, chifukwa ankalipiritsa chindapusa ndipo ena ankamangidwa nawo. Pambuyo pa 3 March 1959, atagwira Dr. Banda nkupita naye kundende ya Gwelo, anthu opitirira 1,000 atatsekeredwa, dzina lija linalemera kwambiri.

Mlangizi uja anachita zonse zimene munthu wochita mantha amachita. Analumbira pa manda a mayi ake. Chipani cha Malawi Congress chitayamba, anali mmodzi mwa oyamba kugula khadi, ndipo ankangoionetsa ngakhale kwa amene sanamufunse. Sizinathandize. Akazi ake akafulula mowa unkasasira m'mbiya osabwera munthu. Kenako mwana wawo wamng'ono anamwalira, ndipo m'mawa kumanda kunalibe mwamuna wonyamula khasu. Ndikukumbukira amfumu athu, okalamba kale, akutuluka m'nyumba ndi khasu paphewa, osaitana aliyense, nkulunjika kumanda okha. Amuna atawaona anachita manyazi, mmodzimmodzi nkuyamba kuwatsatira. Atafika anangonena kuti mwana wamwalirayu sanayendepo m'munda wa munthu. Ife ana, ngakhale tinaona zonsezi, dzinalo tinkasewera nalobe: aliyense wokatineneza kuti taba mango anali kapirikoni.

Ufulu unabwera pa 6 July 1964, ndipo pasanathe miyezi itatu nduna zinasemphana ndi Dr. Banda. Mwa zimene ankakangana panali tiki imene anthu anayamba kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo kwa anthu akuda, ndiponso ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa, Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere nkutula pansi maudindo. Anthu amene dzulo lake tinkawaimbira m'manja anasanduka zigawenga pa wayilesi ndi m'nyimbo za amayi. Mu February 1965 Chipembere ndi anyamata ake analanda boma la Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi, nkuyamba ulendo wa ku Zomba, koma atafika pa Liwonde anapeza chombo chowolotsa chili tsidya lina la Shire, ulendo nkuthera pomwepo. Liwonde ndi pafupi ndi kwathu. Kuchokera nthawi imeneyo, kunena munthu kuti "wa Chipembere" kunali kokwanira kuti asagone m'nyumba mwake.

Apo nkuti ndikuphunzira kusoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye, kwa mkulu wina amene ndinkamutchula kuti abwana. Anali munthu wa mawu ochepa, wosoka ndi makina a Singer opondaponda, tepi ili m'khosi tsiku lonse, choko kukhutu. Tsiku lina la msika panabwera amuna awiri akukangana. Wina anali wogulitsa nsomba zouma, ankabwera nazo pa njinga kuchokera cha ku Malindi, kwawo kwa Chipembere. Winayo anali wa konkuno, ndipo anali atabwereka masheleni asanu kwa wansombayo kuti awombole thalauza limene abwana anamusokera. Miyezi inali itapita, ndipo tsikulo wansomba anamupezerera atavala thalauza lomwelo. Mawu anakwera. Wangongole uja atasowa chonena anakweza mawu kuti onse amve: "Ukundivutitsa chiyani, wa Chipembere iwe? Tonse tikudziwa kumene umachokera."

Pakhonde panali anthu ambiri, koma panangoti zii. Mayi amene ankayembekezera diresi lake ananyamula mwana nkusendera kutali. Wansomba uja milomo inauma, dzanja likunjenjemera kulowa m'thumba la malaya kusakasaka khadi. Abwana anagwira gudumu la makina ndi chikhatho, makina nkuima. Sanadzuke pampando.

"Achimwene," anatero kwa wangongole, "thalauza mwavalalo ndinasoka ndine. Masheleni asanu munandipatsa pano, ndipo munanena nokha kuti mwabwereka kwa bambo awa. Ndikunama?"

"Simukunama, bambo."

"Ndiye nkhani yathu ndi ya masheleni asanu. Enawo amene mwawatchula sanabwereke kanthu pakhonde pano. Mubweza liti?"

Wina anaseka, ena nkutsatira, ndipo kuseka kumeneko kunali kupuma kwa anthu amene anali atagwira mpweya. Wangongole anatchula tsiku, abwana nkulilemba ndi choko pa mzati wa khonde, makina nkuyambanso kulira. Madzulo, tikuthira mafuta m'makina tisanawalowetse m'sitolo, anandiuza chinthu chimene chandithandiza moyo wanga wonse. Anati: "Mwana wanga, munthu akamuponyera dzina sangalichotse yekha. Akakana amati wachita mantha chifukwa nzoona, akakhala chete amati wavomera. Woyenera kuyankha ndi amene wakhala pambali." Nditakula ndinazindikiranso kuti sanalumbirire wansomba uja kuti ndi wokhulupirika, sanaikirenso kumbuyo Chipembere, zinthu zimene zikanawaika iwo eni m'madzi otentha. Anangoibweza nkhani pamene inayambira, pa ndalama, pomwe aliyense akanatha kuona wolakwa.

Si makonde onse amene anali ndi munthu ngati ameneyu. M'ma 1970 kunali mphunzitsi wina wa pulayimale, kasitomala wanga, wokonda bawo. Amene analipo tsikulo anandiuza kuti anali atadya mnzake maulendo angapo pa bawopo, akucheza, ndipo m'kucheza momwemo anadandaula kuti akazi ake anawabweza pachipata cha msika chifukwa mwana wakumbuyo analibe khadi lake. Wodyedwa uja, mtima ukumupwetekabe, anangoti: "Aphunzitsi, mwayamba kulankhula ngati woukira." Panali amuna pafupifupi khumi. Aliyense anayang'ana nkhomo zake. Akanapezeka mmodzi wonena kuti achimwene, mwadyedwa basi, tiyeni tiyalenso, mwina mawuwo akanafera pomwepo. Koma anachoka pabawopo ali amoyo, nkuyenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo sabata isanathe galimoto inabwera usiku.

Masiku amenewo lamulo linkalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, kwa nthawi ina iliyonse. Kunali Dzeleka ku Dowa, kunali Mikuyu ku Zomba. Mu 1971 anthu a m'mudzi wa Moto ku Mangochi anakokoledwa mudzi wonse, amuna, akazi ndi ana omwe, chifukwa chowaganizira kuti ankasunga anyamata a Chipembere. A Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makhadi, anamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba, ndipo mu 1972 zikwi za iwo zinathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Tonse tinkamva mawu aja oti oukira adzakhala nyama ya ng'ona. Choncho munthu akati woukira, ngakhale akuseka, ankadziwa bwino lomwe chimene watulutsa. Zoti ankangocheza ine sindizivomera.

Banja la mphunzitsi uja analitulutsa m'nyumba ya pasukulu. Anthu anasiya kupereka moni kwa mayiyo, osati chifukwa chodana naye koma poopa kuonedwa, ndipo ana ake kusukulu anali ana a chigawenga. Ankabwera pakhonde panga dzuwa litalowa, anthu atabalalika. Tsiku lina anabweretsa jekete la amuna ake, lakuda, limene ndinasoka ndine, kuti ndilidule ndisokere mwana wamwamuna kabudula wa kusukulu. Nditalitembenuza kuti ndiyambe kusula, m'thumba la mkati ndinapezamo tizidutswa ta choko ndi kapepala kolembedwa masamu a Sitandade 5. Ndinamupatsa mayiyo, iye nkumanga pa nsonga ya chitenje. Bamboyo anadzabwera patapita zaka, mano ena atachoka, ndipo sanaphunzitsenso. Amene anamutchula dzina uja ankakhala mudzi woyandikana nawo mpaka imfa yake. Palibe khoti limene linamufunsapo kanthu.

Anthu wamba tinali ndi mayankho athu aang'onoang'ono. Ambiri ankangoti "ine za ndale ayi" nkudzuka. Ena ankathamangira kutchula nsanamira zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, kuti omva adziwe mbali imene ali. Ine ndasoka timatumba tambirimbiri m'kati mwa malaya ndi m'mphepete mwa zitenje, toikamo khadi kuti lisanyowe ndi thukuta, chifukwa munthu akakuponyera dzina, chinthu choyamba chinali kutulutsa khadi. Mayankho onsewa ankangopulumutsa tsikulo. Woponya dzina ankachoka ali wamtali kuposa mmene anabwerera, atadziwa kuti wapeza chingwe chokukokera. Ngakhale akuluakulu sankapulumuka. Mu May 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anafera ku Thambani ku Mwanza, ife nkuuzidwa kuti achita ngozi ya galimoto akuthawa m'dziko. Zoona zake, kuti anachita kuphedwa, zinadzanenedwa poyera boma litasintha.

Zinthu zinatembenuka mu 1992. Pa 8 March mabishopu a Katolika anawerengetsa kalata yawo m'matchalitchi, mwezi wotsatira Chakufwa Chihana nkumangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. A chipani cholamula anayamba kunyoza ofuna matipate kuti ndi abongololo. Apa ndinaona yankho limene ndinali ndisanalionepo: anyamata analilandira dzinalo ndi manja awiri. Ankapatsana moni pamsewu kuti bongololo mnzanga, zala ziwiri zili m'mwamba, wina akaimika chala chimodzi iwo nkumuseka. Dzinalo linatha ululu m'miyezi yochepa, ndipo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse anasankha nyali ya matipate, kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Achinyamata a lero akamva nkhaniyi amati ndiye mankhwala ake amenewo, ukanenedwa ingoseka nkulivala dzinalo. Ine ndimawauza kuti zinatheka chifukwa abongololo anali ambiri ndipo mantha anali atasweka kale. Mphunzitsi uja, ali yekha pabawo, akanayesa kuseka kuti inde ndine woukira, galimoto ikanabwera usiku womwewo.

Chimene chinandiwawa mtima nchakuti chisankho cha pa 17 May 1994 chitapita, Bakili Muluzi atalowa, mayina sanathe. Anangosintha kolowera. Amene dzulo ankaponya anayamba kuponyeredwa, ndipo ambiri mwa amene anagwidwa nawo sanali oponya aja. Panali gogo wina amene anavina m'gulu la mbumba zaka zambiri, mmodzi mwa amayi aja ankanyamulidwa pa malole kusiya minda ndi ana kupita kukavina kumisonkhano, ena mokonda, ena chifukwa kukana kunalibe njira. Ana a m'mudzi anayamba kumukuwiza kuti ng'ona, wakupha. Anabwera kwa ine ndi nsalu zake za chipani atazikulunga m'thumba, nati: "Bambo telala, mundisokere chofunda, koma nkhope zikhale m'kati." Mayi ameneyu sanaphe munthu, ndipo nsaluzo anagula ndi ndalama za mtedza wake. Pamene iye ankabisa nkhope m'kati mwa chofunda, akuluakulu ambiri a chipani chakalecho anali atasintha kale malaya nkukhala m'mipando ya boma latsopano. Chihana mwini, amene anatchula Kongeresi kuti chipani cha imfa ndi mdima, chisankho chitangotha anagwirizana nacho kwa kanthawi, kenako nkulowa m'boma la Muluzi. Atsogoleri amagwirana chanza ku Lilongwe madzulo omwewo. Dzina limatsalira m'mudzi, pa munthu amene alibe kothawira.

Lero ndikakwera minibasi kupita ku Liwonde, kapena ndikakhala pa siwa usiku, ndimamva dzina lakuti kadeti, lonenera anyamata a chipani, likuuluka paliponse. Wofunsa chenji chake kwa kondakitala ndi kadeti. Wonena kuti msewu uwu unamangidwa bwino ndi kadeti. Wonena kuti feteleza wakwera, ena amuponyera dzina la mbali inayo, ndipo nthawi zambiri kumapeto kwake kumabwera mtundu wa munthu kapena chigawo chimene amachokera. Chimenechi ndicho ndimachiopa kwambiri, chifukwa ndinaona mu 1989 aphunzitsi a kumpoto akulongedza katundu kubwerera kwawo molamulidwa, ena akusiya akazi ndi ana amene anabadwira kuno.

Sindikunena kuti mayinawa alibe kochokera. Akazitape analipodi nthawi ya atsamunda ndi ya chipani chimodzi. Anyamata a Young Democrats anamenyadi anthu nthawi imene kunali mkangano wa teremu yachitatu ya Muluzi. Pa 19 July 2011 anyamata onyamula zikwanje anayendadi pa magalimoto m'misewu ya Blantyre kuopseza ofuna kuchita zionetsero, ndipo pa zionetserozo panafa anthu 20. Amene anachita zoterezi ayenera kutchulidwa, ndi zimene anachitazo, tsiku lake ndi malo ake. Koma nchifukwa chomwecho dzinalo siliyenera kuponyedwa pa munthu wofunsa chenji. Ukamutchula kadeti, wamusenzetsa zikwanje zimene sanagwirepo, ndipo wogwira zikwanje weniweni uja wamuthandiza kubisala m'gulu.

Adzukulu anga amati: "Agogo, inu mumakokomeza, ifetu timangocheza." Kucheza ndimakudziwa. Asuweni amanyozana mpaka wosawadziwa nkuganiza kuti amenyana, ndipo palibe amene amapita kwawo ndi chilonda. Koma pa chisuweni onse awiri amaseka, ndipo onse awiri ali ndi ufulu wobwezera. Ndimawauza kuti ayang'ane nkhope ya amene watchulidwayo, ayang'anenso amene akumvetsera, makamaka tsopano pamene mawu olembedwa pa WhatsApp amafika kwa anthu amene sakudziwa kuti munkaseka. Ine ndikakhalapo pamene wina waponyeredwa dzina, sindidikira kuti adziteteze. Ndimafunsa woponyayo kuti: mnzanuyu wachita chiyani? Tchulani chimene wachita. Ngati chilipo, amachitchula ndipo timakambirana chimenecho. Kawirikawiri chimakhala palibe, kapena chimakhala ngati masheleni asanu aja. Ena amanditembenukira kuti nanunso madala ndinu a Kongeresi. Ndimawayankha kuti amene ndinamuvotera ndikumudziwa ndine, koma funso langa likadali pomwepo.

Chaka chatha m'mudzi mwathu mjigo unafa mwezi wathunthu, amayi akukatunga kudambo, pamene banja lililonse linkasonkha ndalama mwezi ndi mwezi zoti zizikonzera. Pamsonkhano mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wachiwiri, anaimirira mwaulemu nkupempha kuti buku la zopereka liwerengedwe. Tcheya wa komiti sanayankhe za buku. Anati: "Awa tikuwadziwa, ndi makadeti, angofuna kusokoneza chitukuko." Anyamata kumbuyo anaseka, mpongozi wanga nkukhala pansi maso ali pansi. Ndisanatsegule pakamwa, mayi wina wachikulire amene amagulitsa thobwa anali ataima kale. "Bambo tcheya," anatero, "ife tikumwa madzi limodzi ndi ng'ombe. Buku lili kuti?" Anabwereza funso lomwelo mpaka bukulo linabwera, ndipo ndalama zinapezeka kuti zaperewera. Tcheya analonjeza kubweza akagulitsa thonje, anabwezadi, mmisiri nkudzasintha ndodo ndi marabala, madzi nkutuluka.

Koma dzina lija silinachoke ndi kutuluka kwa madzi. Ana anayamba kumuitana mpongozi wanga kuti mayi kadeti, amayi anzake kumjigo nkumasiya nkhani akafika. Mwana wanga anakadandaula kwa amfumu, mayi a msinkhu wanga, amene anaona zonse zimene ndafotokozazi ndi maso awo. Anaitanitsa bwalo, namva mbali zonse, nkugamula kuti tcheya apereke nkhuku ndi kupepesa pamaso pa anthu onse amene anamva dzinalo likutchulidwa. Tcheya anadandaula. Anati ndalama anabweza kale, ndipo enawo anali mawu chabe, dzina silinaphepo munthu.

Amfumu anamuyang'ana nthawi yaitali. "Bambo, munabadwa chaka chanji?"

"1985, amfumu."

"Pitani mukatenge nkhuku."